Tsiku lomwe ndinakaletsa ukwati m'dimba

Nkhani iyi anzanga a kabaza amaikamba mowonjezera mchere, ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi akewo ndiasenze ndekha. Kuseka sekani, koma tikakumana panjira musandiloze chala.

Ine ndine Fanuwelo, ndimapalasa kabaza cha ku Mbombwe kuno. Ndine mkamwini. Ndakhala pamudzi pa akazi anga, amake Chisomo, mpaka Chisomoyo wakula n'kukapeza ntchito ku Limbe. Kumunsi kwa nyumba yathu, pafupi ndi chitsime, mayiwa ali ndi dimba. Muli mpiru, tomato, nkhaka, komanso shosho amene ndimakayikira kuti amamukonda kuposa ine.

Chaka chilichonse ndinkawamangira thandala la nsungwi loti shoshoyo aziyangapo. Chaka chilichonse chiswe chinkadya miyendo, thandala n'kugwa. Akati adandaule, yankho langa linali limodzi: "Mmisiri pakhomo pano ndine. Nkhani yatha!"

Tsiku lina tili pa siteji, mnzanga Yohane anandikodola.

"Aise, dzulo ndinanyamula alamu."

"Kupita kuti?"

"Pa trading, kwa Jafali wowotcherera zitsulo uja. Aka n'kachitatu."

"Mwina khasu linathyoka."

"Khasu amapita nalo atadzola mafuta?"

Jafali ndimamudziwa. Wamtali, batchala, ali ndi njinga yamoto, ndipo magalasi akuda savula ngakhale pamene sakuwotcherera. Ine wamfupi, dazi layamba, njinga yanga injini yake ndi miyendo yangayi.

Masana amenewo ndinabwerera kunyumba msanga. Mayi anali kuchitsime, foni yomwe Chisomo anawagulira ili pa tchaji. Ndikudziwa kuti n'kulakwa, koma ndinaitsegula.

"Mwasankha iti, mayi?" analemba Jafali. "Yozungulira pamwamba kapena yosongoka?"

"Yozungulira. Ikhale yoti anthu awiri adutse pansi pake osapanikizana."

"Penti?"

"Woyera."

"Tsiku?"

"Loweruka m'mawa, abambo akunyumba atachoka. Asadziwe, angalepheretse."

Pamwamba pa mamesejiwo panali chithunzi: chitsulo chamiyendo inayi, chopindika pamwamba ngati uta, masamba atachikuta mbali zonse. Ndinachizindikira pompo. Chinthu chimenechi ndinachionapo ku Limbe pa ukwati wa msuweni wanga. Amachiika pakhomo pa holo, n'kuchikongoletsa ndi maluwa, akwati n'kudutsa pansi pake anthu akuwawaza mpunga.

Anthu awiri. Penti woyera. Abambo asadziwe.

Ndinakhala pansi. Inu amene simunalowe chikamwini simungamve. Mkamwini akachotsedwa amanyamula bulangete, wailesi ndi njinga, basi. Nyumba ya njerwa zootcha imene ndinaimanga ndi thukuta la m'zitunda za Chiradzulu, alowemo munthu wa magalasi akuda? Azikhala pampando wanga?

Mayi atabwera ndinayesa kuwafufuza mochenjera.

"Amake Chisomo, muli ndi pulogalamu yanji Loweruka?"

"Palibe. Inu mupita kuntchito, eti? Mulawiriretu, ndi tsiku la msika."

"Ndikapanda kupita?"

"Aa, bambo, mupite! Makasitomala angakuthaweni."

Mwaona? Chiyambire banja lathu anali asanadandaulepo za makasitomala anga.

Sabata imeneyo chilichonse chinali umboni. Akang'ung'udza nyimbo ya kwaya, ine ndimati akuyeserera ya ukwati. Atabwereka wilibala kwa achemwali awo a Aginesi, ndinati ndi yotutira katundu wanga. Ndinafika pogula magalasi akuda pamsika kuti nanenso ndizioneka. Nditalowa nawo m'nyumba anandiyang'ana nthawi yayitali.

"Maso ayamba kuwawa? Mupite kuchipatala."

Lachinayi ndinadutsa dala kwa Jafali. Chinthu chija chinali chitaima panja pa shopu, choyera mbee, chachitali kundiposa ine nditakweza mkono. Mapaipi onenepa bwino, waya wa meshi m'mbali. Kunena zoona chinali chokongola, ndipo chimenecho ndiye chinandiwawa kwambiri.

"Madala, zikuyenda?" anatero Jafali akupukuta manja.

"Ichi n'cha ndani?"

"Cha kasitomala wina."

"Dzina?"

"Chinsinsi, madala." Anaseka. "Koma Loweruka asangalala zedi. Akhala akuchilakalaka kalekale."

Ndinapalasa njinga osaona msewu. Ndinakafika kwa amalume anga a Thomu, amene ndi ankhoswe anga, n'kuwafotokozera zonse misozi ili lengelenge.

"Mphwanga, uli shuwa?"

"Ndaona ndi maso angawa, amalume!"

"Ukwati m'dimba?"

"Masiku ano ndi fashoni. Amati garden wedding."

Amalume anati nkhani yotere imafunika wa mpingo. Tinapita kwa a Matiki, adikoni a kutchalitchi kwathu, munthu wosalankhulalankhula. Anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kunena kuti abwera.

Loweruka ndinatsanzika bwinobwino, n'kukasiya njinga kwa Yohane. Atatufe tinazungulira kuseri, tinabisala mu nandolo wa a Aginesi pamwamba pa dimba. Adikoni anali mu jekete, Baibulo kukhwapa. Amalume ankangodandaula nyerere.

Posakhalitsa kunamveka njinga yamoto ya Jafali. Kumbuyo kwake ngolo, itanyamula chitsulo chija m'zigawo ziwiri. Amake Chisomo anatuluka akuthamanga ngati mtsikana. A Aginesi nawo anafika ndi amayi ena awiri, kuseka kuli gegede.

"Mboni zimenezo," ndinanong'ona.

"Nanga akukumbiranji maenje?" anafunsa amalume.

"Kuti chisagwere akwati."

Jafali anayeza ndi tepi, anakumba maenje anayi. Onse pamodzi anadzutsa zigawo zija, miyendo n'kulowa m'maenje, pamwamba n'kukumana. Amayi anaomba m'manja. Kenako, abale anga, ndinaona ndi maso anga: amake Chisomo ndi Jafali akudutsa pansi pake, phewa ndi phewa! Anafika kumapeto, anatembenuka, n'kudutsanso!

"Rehearsal!" ndinatero mano ali gwa.

"Dikira kaye," anatero adikoni.

Ndikanadikira. Koma Jafali anagwada. Bondo limodzi pansi, patsogolo pa akazi anga! Anapisa m'thumba, anatulutsa kanthu kozungulira, konyezimira. Amake Chisomo anatambasula dzanja.

Ndinatuluka mu nandolo ngati nguluwe.

"Imani! Imani pomwepo! Ukwati umenewu sutheka! Mwamuna wake ndili moyo!"

Ndinalumpha bedi la mpiru, ndinaponda tomato, mwendo wamanzere n'kulowa mu ndowa ya madzi. Ndinafika nayo ndowayo ikulira kuphazi, n'kugwira dzanja la mayi.

"Bweretsa mpheteyo!"

Anatambasula chikhatho. Munali washala. Kachitsulo koboola pakati, koika pa bawuti.

Jafali, akadali chogwada, anavula magalasi. Aka kanali koyamba kuona maso ake.

"Madala, ndimati andigwirire kaye, ndimange bawuti yam'munsiyi."

"Ukwati wa ndani, bambo a Chisomo?" anafunsa mayi pang'onopang'ono.

"Wanu... ndi uyu. Si chipata cha akwati ichi?"

A Aginesi anakhala pansi m'ngalande, atagwira nthiti. Amayi ena aja anatsamirana.

"Ili ndi thandala la shosho!" anatero mayi. "Chisomo anaona kwa abwana ake ku Limbe, n'kunditumizira chithunzi. Ndi mphatso yake. Chiswe chidye chitsulo tione!"

"Nanga anthu awiri odutsa pansi?"

"Ine ndi dengu, inu ndi khekheni yothirira. Kapena mumafuna tizikwawa ngati m'thandala lanu lija?"

"Penti woyera?"

"Ndi woteteza dzimbiri, madala," anatero Jafali. "Wobiriwira anatha."

"Ndiye mumabisiranji?"

Mayi anaika manja m'chiuno n'kukulitsa mawu ngati anga: "Mmisiri pakhomo pano ndine. Nkhani yatha!"

Apo ndiye anthu anagwa nako kuseka. Ndinatembenuka kuti amalume andithandize. Ndinawapeza akugogoda paipi ndi chala, akufunsa Jafali ngati mphonda zingayangeponso, n'kupempha nambala ya foni.

"Poti mwabwera," anatero mayi, "vulani ndowayo, mukandeko simenti."

Ndinakanda. Ndinatuta miyala pa wilibala ija ndinkati ndi ya katundu wanga. Ndinagwira mwendo wa chitsulo Jafali akuika levulo yoonera ngati chawongoka, akundilamula ngati wantchito wake: "Kumanja pang'ono, madala. Ayi, mwapitirira. Gwirani pomwepo, musapume!" Tinathira miyala ndi simenti m'maenje onse anayi, iye n'kulangiza kuti papite masiku atatu tisanachigwedeze kapena kumangirirapo shosho. Ine ndinkangoti "chabwino" ngati mwana wa sukulu.

Ndinkaganiza kuti chilango chathera pomwepo. Koma adikoni, amene nthawi yonseyi anali pamthunzi, anatsokomola.

"A Fanuwelo, paja pokuwa paja munati mwamuna wake ndinu?"

"Ndine, adikoni."

"Mawu amphamvu. Ndawamva, anthu onsewa awamva. Koma ine ndakhala ndikufufuza m'mutu mwangamu, sindikukumbukira tsiku limene inu munaima ndi mayiwa kutsogolo kwa mpingo."

Zoona zake n'zakuti ife tinangochita chinkhoswe. Za kudalitsa ukwati kutchalitchi ndakhala ndikunena kuti "chaka chamawa" kuyambira Chisomo akukwawa.

"Tikukonza, adikoni. Chaka chama..."

"Ankhoswe tilipo," anatero amalume, osandiyang'ana n'komwe.

"Akuchikazi tiliponso!" anakuwa a Aginesi ali m'ngalande muja.

Adikoni anatulutsa cholembera m'jekete. "Munthu amene walumpha mpiru ndi ndowa kuphazi chifukwa cha mkazi, ameneyo wakonzeka. Tilembe mwezi uti?"

Ndinayang'ana amake Chisomo. Ankayang'ana pansi, akuseweretsa washala uja pachala, kukamwa kukunjenjemera ndi kuseka. Nditangotchula mwezi, nthungululu zinalira dimba lonse.

Ukwati unachitika mvula itatha. Ndinavala suti yobwereka kwa Yohane, yothina m'khwapa. Titatuluka m'tchalitchi, Chisomo anaumirira kuti zithunzi tikajambulitse kudimba. Shosho anali atakuta chitsulo chonse, zipatso zili lendelende, nkhaka zikukwera mbali inayo. Tinadutsa pansi pake awiriwiri, osapanikizana ngakhale pang'ono.

Chithunzicho chili pakhoma pabalaza, mu fulemu. Ndinachipachika ndekha, pamalo poti aliyense wolowa aone kuti mwini mkazi ndani. Ndipo alendo amaimadi n'kuchiyang'anitsitsa. Ine ndimakonza kolala, kudikira kuti ayamikire suti. Kenako amatembenuka.

"Koma ndiye n'chokongola, a Fanuwelo! Chitsulochi anakupangirani ndani?"

Abale anga, musanathamangire kukaletsa ukwati wa eni, yambani mwafunsa ngati wanu unalembedwa.