A Gaska Sankapereka Mpira

Aliyense amene anaonerapo besibo, masewera oponya mpira wina n'kuumenya ndi chibonga, kuno ku Pine Ferry akudziwa kuti a Wendell Gaska akagwira mpira sankabweza. Woponya wina aliyense akatopa, kochi amapita pakachulu pamene woponya amaima n'kutambasula dzanja, iye n'kupereka mpira, basi n'kukakhala pansi. A Gaska ayi. Anaponya zaka pafupifupi makumi atatu m'matimu a m'matauni ang'onoang'ono, kuyambira ku Manitoba mpaka ku Sonora, ndipo makochi onsewo anamera imvi nthawi isanakwane. Ine ndikudziwa, chifukwa zaka zawo zomaliza ndine ndinkanyonyomala kuseri kwa womenya n'kumawakha mipira yawo. Maondo angawa ndi mboni.

Tsiku lina a timu ina atatimenya koopsa, kochi wathu watsopano, Dale Ruppert, anapita pakachulu mwaulemu wake wonse.

"Madala, mwayesetsa. Ndipatseni mpirawo."

"Mpira uti?"

"Umene uli m'manja mwanuwo."

A Gaska anatambasula manja onse awiri. Mulibe kanthu. Anali atauponya m'buluku.

"Ngati ukuufuna, mwanawe, pisa wekha. Anthu onsewa akuona."

Dale anayang'ana bulukulo, n'kuyang'ana anthu, n'kubwerera akukanda m'mutu. Woyimbira anatulutsa mpira wina, ndipo amene anauwakha ndi a Gaska omwewo.

Komatu musaganize kuti anali munthu wamakani chabe. Ankawina! Atakalamba, mpira wawo unkayenda ngati nkhalamba yochokera kutchalitchi, ukupatsa moni aliyense m'njira. Anyamata a matimu ena ankakuwa:

"Agogo, mpirawo ufika lero?"

"Dikira, uli m'njira!"

Mnyamata amamenya mphepo, kuzungulira, khu! pansi. Kenako mpira uja ndiye umafika m'dzanja mwanga, phee.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawatulutsapo. Tsiku limenelo kunatentha, phewa lawo litatupa ngati buledi. Dale atalephera, anayang'ana kumipando ndi maso opempha. Mayi Lorna, akazi awo, anatsika ndi chikwama chawo m'khwapa, kudutsa bwalo lonse osathamanga.

"Bambo a Trudy, mkonowo amaupaka mankhwala ndani?"

"Inu."

"Bweretsani."

Anapereka ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. Podutsa pamene ndinali, a Gaska anandinong'oneza kuti, "Ukawauze, sindinatuluke. Ndikuperekeza mkazi wanga."

Tsono ndikuuzeni zimene anthu opanda manyazi anamuchita munthu wotereyu. Timu yathu inagulidwa ndi mabwana ena akumzinda, ogulitsa matilesi, anthu oti chibonga chomenyera mpira sadziwa kogwira. Analengeza kuti Loweruka ndi Tsiku la Gaska. Mdala anasangalala, ankati aponya. Mayi Lorna anasita yunifomu. Ine ndinawakha mipira yawo kuseri kwa bwalo mpaka thukuta kamukamu.

Titalowa, bwalo litadzaza, tinapeza pakachulu pali mpando wogwedera, womangidwa kansalu kofiira. Chimkuzamawu chinayamba kulengeza kuti a Gaska apuma pa ntchito lero. Apuma! Anawafunsa ndani? Ngakhale kuwaitanira pambali, kuwauza ngati munthu, ayi. Anatuma munthu wovala ngati chimbalangondo kuti awagwire dzanja akawakhazike.

A Gaska anayang'ana bwana wamkulu.

"Nanga mpira?"

"Lero palibe kuponya, bambo Gaska. Khalani, tijambule."

Sanatukwane. Ine ndinkafuna atukwane. Anangonyamula mpando uja paphewa lotupa lija, n'kutuluka nawo. Sanaukhalepo ngakhale kamodzi. Ankagonapo ndi mphaka wa mayi Lorna. Pabwalo sanapondeponso.

Anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi, akufosholera chipale chofewa chimene chinagwa pakhomo pa mayi wina wamasiye woyandikana nawo. Masewera atayambanso, mabwana aja anati tiimirire, tikhale chete powakumbukira. Tinavula zipewa. Mayi Lorna anali pomwepo, atagwirana mkono ndi mwana wawo Trudy. Chete uja asanathe, chimkuzamawu chinaphulika: "Gulani matilesi athu, mugone tulo tofa nato!" Akuti makina anasokonezeka. Mpaka lero palibe anapita kukapepesa kunyumba.

Ndimapitabe kubwaloko, sindidziwa chifukwa chake. Anyamata a masiku ano amaponya mwamphamvu, ndi aulemu, ndipo mayina awo sindiwasunga. Sabata yatha anakhala pafupi nane a Harlan Tietz, amene anayimbira masewera athu mpaka maso awo atafooka. Ankatafuna mtedza.

"Gaska uja ananditukwana moyo wanga wonse," anatero. "Ankati ndine wakhungu. Anafika pondibweretsera magalasi a apongozi ake."

"Munawakana?"

"Ndinawavala. Ankaona bwino." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ana awa woyimbira akawalakwira amati zikomo. Ndi mpira umenewu?"

Anaimirira masewera ali pakati, n'kundisiyira mtedza wotsalawo. Ndinawayang'ana akutsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira chitsulo. Kenako nanenso ndinanyamuka.