Sabata Imene Ndinali Maso a Apongozi

Lolemba

Aliyense amene anabetchapo pa foni amaidziwa nkhawa iyi: pali kanthu kena kamene sunakaganizire, ndipo kanthu komweko ndi kamene kadzakugwetse. Ine yandigwira chitsekereni sukulu. Ndine mphunzitsi wa masamu. Kuluza chifukwa cha tsoka ndingapirire, koma kuluza chifukwa chosaganiza mokwanira, ayi.

Pulani ndi iyi. Lachitatu kukuyamba kiriketi ya masiku asanu, anyamata a ku Joni ndi alendo awo. Ndibetcha kamodzi kokha, kandalama kochepa, koma nditafufuza zonse. Zofufuza:

- nthaka ya pabwalo, ngati ili youma kapena ya udzu
- mitambo ya kumeneko, osati ya kuno ku Mchengautuwa, kumene mawawa sakusiya
- bondo la woponya mpira wamkulu wa alendo
- ngati kaputeni wa ku Joni akugona bwino, popeza akuti kwawo kwabadwa mwana

Mathero angakhale atatu: awa apambana, awo apambana, kapena masiku atha popanda wopambana. Achitatuwa ndawachotsa kale. Anyamata a masiku ano sapirira.

Akazi anga, Mayi a Tamanda, akuti bambo awo akubwera mawa kuchokera ku Nkhata Bay. Ng'ala m'maso onse awiri, opaleshoni Lolemba likubwerali. "Akuopa, koma sanganene. Muwasangalatse, mukudziwa chimene amakonda."

Ndikudziwa. Anakhala khukhi ku Joni zaka zambiri, kufupi ndi bwalo la kiriketi. Nthawi imene ndinkafunsira mwana wawo ndinkanamizira kuwakonda masewerawa kuti andikonde. Kenako ndinawakondadi.

Lachiwiri

Afika, ndi mkoko wa nthochi ndi jekete lawo la ku tchalitchi. Akuyenda akugwira khoma. Kanema akuti akumuona ngati chifunga cha ku Chikangawa: zoyera zikuyenda m'zobiriwira, basi.

Amanditchula "akweni", ndiye kuti mkamwini m'chiyankhulo cha kuno. Akuti: "Akweni, azungu ofotokoza aja ndimawamva, koma amakonda kukamba za makedzana ndi za nkhunda za pabwalo. Inu ndinu odziwa kufotokoza. Mukhale maso anga."

Ndavomera ndi manja awiri. Mwina kwa iwo aka ndi komaliza kuonera masewera aatali chonchi, ngati kuchipatala sizikayenda. Sitikunena zimenezo.

Za malo okhala: mkamwini sakhala mpando umodzi ndi apongozi. Iwo pa sofa, ine pa kampando cha kumbuyo pang'ono. Mwambo wabwino, ndipo ukundithandiza, chifukwa foni ikhala pa bondo popanda woiona. Iwo ndi mkulu wa mpingo. Mawu akuti kubetcha asamveke m'nyumba muno.

Bondo la woponya uja: ena akuti lachira, ena akuti latupa. Ndawerenga onse. Sindinabetche. Ndidikira mawa ndione amene ayambe kumenya.

Lachitatu

Ayamba kumenya ndi a ku Joni. Manambala obetchera pa foni asintha nthawi yomweyo. Ndidikire akhazikike. Sakukhazikika! Mpira uliwonse ukaponyedwa akugwedezeka ngati madzi m'ndowa ya pamutu.

Ntchito yanga ya umaso sikuyenda bwino. Ndawafotokozera apongozi kuchuluka kwa marani, ndiye kuti zigoli za kiriketi, amene womenya uyu amapeza akasewera mmawa, poyerekeza ndi masana. Amvetsera mwaulemu. Kenako: "Yewo, akweni. Nanga mpira uja wapita kuti?"

Sindinauone.

Koma ndatulukira chodabwitsa. Foni ikutsogola! Womenya akatuluka, ndiye kuti akagonjetsedwa n'kuchoka pabwalo, manambala akuyamba aima, foni ikunjenjemera, kenako pa kanema woponya n'kumayamba kumene kuthamanga. Chifukwa chake n'chomveka: chithunzi chimakwera kumwamba kukagunda makina ozungulira dziko, n'kutsika mpaka pa mbale ya padenga pathu, pamene manambala amadutsa njira yachidule. Kusiyana kwake ndi kupuma kangapo chabe. Komabe taganizani, ndakhala pa kampando m'Mchengautuwa ndikudziwa chinthu chimene maso anga sanachione. Ndakhala ndikusinkhasinkha zimenezi mpaka nthawi ya tiyi.

Sindinabetche. Tsiku loyamba limanamiza.

Lachinayi

Ndalakwitsa.

Foni yanjenjemera, pakamwa pangotuluka: "Watuluka!" Pa kanema woponya akupukutabe mpira pa buluku.  Akuthamanga, akuponya, timitengo titatu ta kumbuyo kwa womenya tikumwazika, bwalo lonse likuphokosera.

Apongozi atembenuza mutu pang'onopang'ono.

Ndalumbira mumtima kuti sindibwereza. Ndabwereza chakudya chamasana chisanakwane, kenanso masana. Pakamwa pa mphunzitsi sipasunga yankho.

"Akweni, zimenezi zinayamba liti?"

"Posachedwapa, bambo."

"Kwanu ku Dowa alipo ena otere?"

Ndayankha kuti sindikudziwa. Kunena zoona kukutanthauza kunena za foni, ndipo za foni zikutanthauza mawu aja osayenera kumveka. Ndiye lero ndine mneneri.

Pulani ili motere:

- nthaka yayamba kung'aluka, zokomera oponya mpira wozungulira
- koma kukubwera mitambo, zokomera oponya mwaliwiro
- bondo lija likuthamanga bwinobwino, kuwerenga konse kuja kwapita pachabe
- ndayika chala pa batani, ndachichotsa, ndayikanso, bandulo yatha

Ndikayesa kukumbukira kumenya kumodzi kokongola kwa lero, palibe. Ndikukumbukira manambala okha.

Lachisanu

Mmawa apongozi akuothera kadzuwa panja, akucheza ndi oyandikana nawo kudzera pa mpanda. Sindinadziwe kuti akukamba za ine.

Obwera masewera asanayambe:

- a NyaGondwe a kuseriku, ndi mazira m'mbale, kufunsa ngati mwana wawo atengedwe ku sukulu ya unamwino
- bambo wina wa ku Nkhorongo, wabwera pa kabaza, akufuna za mpira wamiyendo wa mawa: "Mungonditchulira timu, adada, zigoli ndidziwa ndekha"
- mayi wina amene nkhuku zake zikusowa

Onse ndawauza kuti ndine mphunzitsi chabe. A NyaGondwe akuti: "Odzichepetsa chomene. Enieni amatero." Mazira awasiya.

Masewera ayamba. Ndatseka pakamwa ndi dzanja, koma foni ikanjenjemera ndikupuma mokweza, ndipo apongozi akudziwiratu. Cha m'ma 3 koloko akuti: "Zimitsani, akweni."

Ndafunsa ngati mutu ukuwawa.

"Ayi. Mphatso yanu njabwino, koma yandilanda masewera. Kiriketi yonse ili pa kanthawi kamene mpira uli m'malere, munthu osadziwa. Ine maso ndilibe, ndinatsala ndi kanthawi kameneko."

Agwira khoma, alowa kuchipinda. Sanatulukenso mpaka chakudya chamadzulo, ndipo adya pang'ono.

Mayi a Tamanda ku khitchini, osandiyang'ana: "Mneneri wa bandulo. Ndinati muwasangalatse."

Sindinabetche. Sindikudziwa n'komwe amene akutsogola.

Loweruka

Mayi a Tamanda apita ku chilangizo cha mkwatibwi ku Salisbury Lines. Atenga foni yanga. "Yanga ilibe moto." Yawo ndaiona ine, yadzaza.

Dzanja likungopita pa bondo, osapeza kanthu.

Ndagogoda kuchipinda, ndanjuta pakhomo, ndanena zonse, ndi mawu aja omwe. Mapewa a apongozi ayamba kugwedezeka ndi phwete.

"Akweni, m'makutu mulibe ng'ala. Kafoni kanu kamalira ngati njuchi mpira usanaponyedwe. Ndinadziwa Lachinayi."

Nanga a NyaGondwe?

"Ndimafuna muone kulemera kwa uneneri. Mazira aja mubweze."

Za kubetcha akuti tidzakamba maso akachira, kuti adzandiyang'ane bwino. Lero akufuna chimodzi: ndinene zimene zikuchitika, osati zimene zichitike.

Ndiye ndayang'ana. Kuti ufotokozere munthu wosaona, uyenera kuona chilichonse, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti zoona n'zambiri chonchi.

Woponya ndi mnyamata wochepa thupi wa ku Joni, wa mpira wozungulira. Sathamanga, amangoyenda ngati akupita kukagula mchere. Mpira ukuchoka m'zala zake ukuzungulira mpaka msoko wake kuoneka ngati mzere umodzi. Ukukwera pang'ono kupitirira maso a womenya, ukuoneka ngati ufika patali, kenako ukugwa msanga ngati wina waukoka ndi ulusi. Ukugunda nthaka, kafumbi kakudzuka, ukukhotera kumene sunali kulowera. Womenya watambasula mwendo, wautsatira, ndipo pa kamphindi komaliza wabweza manja, wausiya udutse. Wadutsa timitengo ndi mpata wa chala chimodzi.

Palibe rani, palibe wotuluka. Pa foni nambala sikanasuntha. Koma ine tsitsi laima.

"Anausiya dala?"

"Dala, bambo."

"Ameneyo ndi munthu."

Ndimaphunzitsa ana za mizere yokhota chaka ndi chaka, pa bolodi, ndi choko. Mnyamata uyu akuijambula m'mphepo ndi zala zitatu, kasanu ndi kamodzi motsatizana, uliwonse wosiyana ndi unzake. Ndafotokoza mpaka mawu asasa. Tiyi wazizira. Nthawi ina ndazindikira kuti ndachoka pa kampando, ndagwada pafupi ndi kanema, ndipo apongozi asendera kumapeto kwa sofa, dzanja lawo lili paphewa langa. Za mwambo tonse taiwala.

Lamulungu

Ku tchalitchi ulaliki watalika. Apongozi, mkulu wa mpingo, akundinong'oneza: "Ayamba kale kumeneko." Pobwerera akuyenda mofulumira kuposa masiku onse.

Alendo sangapambanenso. Chawatsalira n'kupirira mpaka tsiku lithe. Akutuluka mmodzimmodzi, ndipo pofika madzulo atsala awiri omaliza, anthu amene ntchito yawo ndi kuponya, osati kumenya. Mmodzi ndi wa bondo uja. Mnzake chala chamangidwa bandeji.

A ku Joni awazungulira pafupi ngati anthu oothera moto. Mpira ukumumenya wa bondo uja m'nthiti, akuwerama, akuimanso. Wina ukudutsa pamphuno. Wina akuutsekereza, ukugwera pamapazi pake, akuuyang'ana ngati mwana wagona. Kuwala kukuchepa. Ine ndikunena zonse, mpira ndi mpira, ndipo sindikudziwa chimene chikubwera.  Mayi a Tamanda aima pakhomo ndi chipande m'manja, ndiwo zikupserera.

Mpira womaliza. Uli m'malere. M'nyumba muno palibe akupuma.

Wautsekereza.

Palibe wopambana. Masiku asanu, ndipo mathero ndi aja ndinawachotsa Lolemba, chifukwa anyamata a masiku ano sapirira. Apongozi akuombera m'manja timu imene samaikonda, misozi ikutsika m'maso oyerawo.

Pulani yafa, ndipo ndaivomereza. Sindinabetche, sindinapambane, sindinaluze, ndipo za bondo la munthu wosamudziwa ndikudziwa zambiri kuposa za langa. Foni yabwera. Ili pa kabati. Mazira ndabweza, koma a NyaGondwe akuti adikirabe yankho.

Chikwama cha kuchipatala chalongedzedwa. Apongozi akupinda jekete lawo okha, mosamala, kenako akuti: "Akweni, akandichotsa ng'alazi ndidzaone ngati mpira umakhotadi momwe mumanenera. Akalephera, ntchito mwaipeza."

Ndayankha kuti yewo. 

Kwa ine wa mwezi wamawa, manambala akadzayambanso kuitana, ndi kwa wina aliyense amene nkhawa ija imamugwira: siyani foni kuchipinda, pezani munthu, mumupemphe atsinzine. Mumufotokozere mipira isanu ndi umodzi yokha, mmene ikuchitikira. Tayesani chabe.