Nyemba Zolira M'mbaula

Inu, tamverani ndiulule tchimo langa, ndisafe nalo. Chaka chija a bungwe loteteza mitengo anatigawira mbaula zosatha nkhuni, ine ndinali wapampando wa komiti. Anati nyumba yoigwiritsa bwino ntchito idzalandira sola. Sola, abale! M'mutu mwangamu inali itakwera kale padenga.

Koma mbaulayo inali yokongola moti ndinawaletsa mayi a kunyumba kuikhudza. "Muidetsa. Oyendera akadzabwera aipeze ikunyezimira." Ndinaitsekera m'kachipinda kosungira makasu, iwo n'kumaphikabe pamafuwa, misozi ya utsi ili chuchuchu. Mulungu andikhululukire.

Tsiku lina kunatulukira mtsikana woyeza phindu la ntchitoyo, sikelo ya nkhuni m'manja, kope m'khwapa. Ndinathamangira m'kachipinda muja, n'kupeza thadzi la apongozi litadzikhazika m'mbaula ngati bwana mu ofesi. Linandijompha chala, ine n'kuliponya pawindo. Zosuzumira m'kati ndinalibe nazo nthawi. Mbaulayo ndinaipaka mwaye, n'kutereka poto pamwamba, ulendo nayo kukhitchini.

"Bambo, nkhuni mumatola kangati pa sabata tsopano?" anafunsa mtsikana uja.

"Nkhuni? Tinaiwala ndi maonekedwe ake omwe."

"Nanga chifuwa cha mayi?"

"Chinatheratu!"

Mayi a kunyumba anasankha nthawi yomweyo kukhosomola ngati thirakitala yokana kulira.

Mtsikana uja anagwada, n'kumatula kabatani kakuda m'mbali mwa mbaula. Ine ndinkayesa kokongoletsa. Kani kamalemba kutentha kwa tsiku ndi tsiku! Anakalumikiza ku foni, n'kukweza nsidze.

"Zodabwitsa. Mbaula yanu yakhala yofunda masabata atatu osazima, koma moto wake sungawiritse ngakhale supuni ya madzi. Mumaphika chiyani?"

"Nyemba," ndinatero. "Zouma kwambiri. Timachita kuzinyengerera."

Pomwepo nyembazo zinayankha kunsi kwa poto: "Piyo! Piyo!"

"Zayamba kupsa," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

Ndisanatseke pakamwa, thadzi lija linalowa pakhomo nthenga zili nyankhalala, n'kudzandikwera pamutu. Poto uko, ine uko. Mtsikana anawerenga anapiye mofatsa, kenako analemba akutchula mokweza kuti ndimve bwino:

"Nkhuni zopulumutsidwa: palibe. Utsi wochepetsedwa: palibe. Phindu pa chuma cha banja: anapiye asanu ndi awiri."

"Lembaninso kuti ndi a mayi anga," anawonjezera mayi a kunyumba. "Awa asawerengere."

Sola inapita kwa aneba, ndipo imawala molunjika pawindo langa. Mpando anandilanda sabata yomweyo. Anapiye apongozi anadzatenga onse, osasiya ngakhale kamodzi kolipirira lendi. Mayi a kunyumba anayamba kuphikira pambaula paja, chifuwa n'kuthadi, ndipo amandikumbutsa m'mawa uliwonse.

Phindu langa ine ndi chipsera ichi pachala, ndi dzina. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, amayi ogulitsa amakuwa: "Bambo Nyemba, zaswa kodi?"