Masamba Pamsewu wa ku Hatfield

Lolemba
Ndani akuti sindingathe? Chisakasa chokhachi? Sukulu ndinathawa, inde, koma nsungwi zimafunsa satifiketi? Madamu amene Achimwene amawasamalirira gadeni ali ndi festivo ya zisudzo Loweruka, pabwalo loimikapo magalimoto ku Hatfield. Akufuna pokhala anthu, Lamulungu tigwetse. Achimwene ndiwo andipezera ganyuyu. Akuti, "Ukandichititsa manyazi, ndikukweza basi ya ku Ntcheu." Ine kuchoka ku Joni? Alota.

Lachiwiri
Zilipo: mapaleti a matabwa, nsungwi, waya, nthambi za jakaranda zofolera. Kulibe: hamala, makwerero, wondithandiza. Ndikukhoma ndi njerwa. Chala chatupa ngati mbatata.

Lachitatu
Mphepo! Denga lapendekeka. Madamu akuliyang'ana, akuti ndi luso, ndisalikhudze. Eish, azungu. Achimwene sakuseka.

Lachinayi
Magalimoto akuthamanga, fumbi lonse mkati. Nzeru zabwera: nthambi zotsala ndayala pamsewu, uku ndi uku. Onse akuchepetsa liwiro! Bambo wina wa gadeni watsika njinga, wavula chipewa, akudutsa chozyolika. Ulemu kwa injiniya!

Lachisanu
Akuyeserera sewero. Munthu agone pansi, amufunditse nsalu yoyera, ena azimuzungulira osayankhula. Basi, sewero lonse! Wogonayo wachedwa, Madamu agoneka Achimwene m'malo mwake. Kunja kwa nsalu kwatsala majombo awo obiriwira aja, odziwika dera lonse la Gezina. Ine maso psuu ndi fumbi. Mayi wina wa kumpingo kwathu wasuzumira pageti, wagwira pakamwa, wathawa. Bwanji? Foni yanga yatha moto.

Loweruka
Festivo! Azungu, ana a ku yunivesite, makamera. Kenako matakisi ochokera ku lokeshoni ya Mamelodi: amayi a kumpingo, mipango kumutu, nyimbo ya maliro kuyambira pageti. Amayi akhala pansi, abambo pamapaleti. Wina akundisisita kumsana, "Limba mtima, mwanawe." Azungu akujambula, akuwomba m'manja. Ine thukuta.

Achimwene atulukira kuseri ndi wilibala, akudya chingwa.

Kukuwa! Wina wakomoka. Wogona pansi pa nsalu uja wadzambatuka, nayenso wathawa. Madamu akufunsa waitana kwaya ndani. Foni ya Achimwene ikulira: malume ku Ntcheu. Amayi athu mawu atha ndi kulira, anthu agona pasiwa, mbuzi yaphedwa kale. Achimwene akukuwa pafoni, "Ndine ndemwe! Ndili moyo!" Malume akuti atsimikize.

Lamulungu
Tikugwetsa. Madamu akufuna kwaya yomweyo chaka chamawa. Achimwene tsiku lonse mawu awo ndi amodzi: "Iwe unakulira kuti?" Tikiti ya basi ili patebulo, aipsinja ndi kapu.

Denga ndi mphepo. Nsalu yoyera ndi ya Madamu. Majombo ndi a eni ake. Koma masamba pamsewu, eish. Kwathu ngakhale mwana wa mamina amadziwa kuti akunena maliro. Ndinayala ndekha, mbali zonse ziwiri, mooneka bwino.