Sabata Imene Ndinatsuka Mbiya ya Apongozi

Lolemba

Lamulungu kukubwera azakhali a amuna anga ochokera ku Chintheche. Ndi aja ananena pa ukwati wathu kuti mkazi wa ku Dedza, mphunzitsi wa sayansi, adzadyetsa mwana wawo choko. Patha chaka ndili mtengwa kuno ku Liwaladzi, koma mawuwo akundiwawabe. Ufa wa kondowole wa tsikulo ndikonza ndekha!

Dongosolo: lero kuviika chinangwa. Lachinayi kuvuula. Lachisanu kuyanika. Loweruka kusinja. Lamulungu azakhali kumeza mawu awo.

Apongozi andibwereka mbiya yawo yoviikira. Fungo lake, mayo ine! Pansi pali timadzi totuwa, m'mbali monse moterera. Ndataya timadzito, ndakwecha ndi mchenga, sopo, madzi otentha kawiri. Chinangwa ndachiviika m'madzi owiritsa. Apongozi ayang'ana mbiya, ayang'ana ine.

"Mwatsuka, aphunzitsi?"

Ndati eya. Angoti chabwino, atenga dengu lawo, ulendo wa kudambo.

Lachiwiri

Kusukulu ndaphunzitsa mutu womwewu. Maselo a m'thupi amaphwanya shuga ndi mpweya timapumawu kuti tipeze mphamvu. Mpweya ukasowa amaphwanyabe, koma mphamvu imatuluka yochepa, n'kutsala asidi kapena mowa. Tizilombo tosaoneka ndi maso timachita zomwezi m'mbiya, ndiye chinangwa chimafewa, kuwawa kwake n'kuchoka. Ana alemba. Ine mumtima: mbiya yanga ndiyo ya ukhondo m'mudzi monse muno.

Ndatsina chinangwa. Gwa! Ndi tsiku loyamba chabe.

Lachitatu

Gwa.

Tizilombo tikuchita ulesi, tifunika thandizo. Yisiti ndi shuga! Kumsika ayufi, anyamata a chipani, ali pachipata kufunsa makhadi, langa ndaiwala m'buku la sayansi. Liwiro kunyumba, liwiro kubwerera asanatseke golosale, chitenje ndagwirira m'manja.

Miyendo ikuyaka moto. Ndafotokozera bambo akunyumba kuti minofu yanga inapereweredwa mpweya, ndiye yapanga asidi. Iwo akusoka ukonde, osadzutsa n'komwe mutu, ati kwawo zimenezo amati kutopa.

Ndathira yisiti yense. Pakamwa pa mbiya ndaphimba ndi mbale, ndamata ndi dothi. Mpweya usalowe.

Lachinayi

Lero linali tsiku lovuula. Mbiya ikung'ung'udza yokha ngati m'mimba mwa munthu wadya nyemba zogona. Moyo ulimo! Ndasiya tsiku lina.

Abwera kudzationa: asodzi atatu anzawo a bambo, wosoka nsapato, ndi mkulu wina sindimudziwa n'komwe. Onse akufunsa za moyo wathu, mphuno zili kuseri kwa khitchini.

Apongozi akuyanika zinazake pa thandala kuseri kwa nyumba yawo. Sindinapite kukaona. Ndili ndi zanga.

Lachisanu

Phuu! Mbale yauluka masana, yakatera pa khola. Thovu pabwalo ponse.

Zotsatira zake:
Abiti Saidi, oyandikana nafe, asamutsa mkeka wawo wopempherera, ati fungoli silikugwirizana ndi tsiku la Ijumaa.
Mkulu wa mpingo wathu wadutsa kawiri osapereka moni.
Atcheya a nthambi ya chipani afunsa ngati mphunzitsi wa boma wayamba kutcheza kachasu. Ndawafotokozera za maselo. Amvetsera mpaka mapeto, kenako apempha kulawa.
Mbuzi yanyambita thovu, ikuyenda chammbali.

Chinangwa? Kunja terere, mkati gwa. Ndalumako, chikuwawa mpaka m'makutu.

Loweruka

Ndatsegulanso buku, tsamba lija ndimalidumpha chifukwa silibwera pa mayeso. Yisiti amapanga mowa. Tofewetsa chinangwa ndi tizilombo tina, topanga asidi. Timakhala m'madzi akale oviikira ndi m'mbali mwa mbiya.

Timadzi totuwa tija. Zoterera zija.

Ndinatipha ndekha Lolemba, ndi sopo, ndikuimba nyimbo! Safunsa anadya phula.

Ndakwirira chinangwa chonse kudzala kuopa kuti nkhuku zingafe. Ndalira kuseri kwa bafa, ndithu ndalira. Mawa azakhali afika, ufa ndilibe ngakhale wodzaza chikhatho. Bambo akunyumba ati tiphike mpunga. Mpunga! Azakhali akafika ku Chintheche nkhani yake idzathera pa maliro anga.

Lamulungu

M'mawa ndapeza dengu pakhomo, lovindikira ndi nsalu. Ufa woyera mbee, wonunkha bwino lomwe. Ulendo wa kudambo wa Lolemba uja, apongozi anakaviika chawo m'chithaphwi.

Azakhali adya, anyambita zala, afunsa wakonza ufawu ndani. Ine maso pansi. Apongozi ayankha osaphethira: "Wachokera m'nyumba ya mtengwa wanga." Bodza palibe, dengu linalowadi m'nyumba mwanga. Azakhali angoti hmm, atemanso mbamu ina.

Alendo atapita, apongozi abwera ndi chikho cha madzi otuwa, onunkha, opempha kwa Abiti Saidi. Athira m'mbiya.

"Mbiya iyi inali ya mayi anga, sinaonepo sopo. Tiyambirenso, aphunzitsi. Ana anu osaonekawo, awa. Musawasambitse."

Ndalandira ndi manja awiri, nditagwada.

Mawa phunziro lomweli kalasi ina. Ndiyamba ndi tsamba lija.