Apongozi Akubwera pa Ubatizo wa Tadala

Lolemba

Mwana wathu Tadala abatizidwa Lamulungu likubwerali. Apongozi, amayi awo a amuna anga, atumiza mawu kuchokera kwa Khwethemule kuti afika. Mtima suli m'malo. Iwo ndi a Sabata, za kubatiza makanda sagwirizana nazo, ndipo chikwatiwire ine sanalawepo kanthu m'nyumba muno. Akadzachoka osadya, kwawo konse amva kuti mwana wawo anakwatira mkazi wosatha kulandira alendo.

Ndikufuna zosavuta: tiyi, mandasi, mpunga, kankhumba pang'ono. Basi.

Lachiwiri

Bambo a Tadala akuseka. "Nkhumba? Amayi akangomva fungo abwerera pamsewu." Chabwino, nkhumba ichoke. Ndikuti nanga mlamba wouma. Akuti mlamba ulibe mamba, sadya. Ndikuti ndiye angomwa tiyi. Akuti tiyinso samwa.

Munthu wobadwira pakati pa minda ya tiyi. Ine tsiku lonse dengu kumsana, kuthyola masamba amene apongozi anga amawayesa tchimo.

Lachitatu

Nkhuku ilipo imodzi ndipo yakhalira mazira. Siphedwa.

Kumunda ndangotchula za ubatizo kwa Mayi Nachisale, amene timathyola mzere umodzi. Pofika pasikelo gulu lonse likudziwa. Onse akuti abwera. A kapitawo akuti, "Ine musavutike nane, ndimadya chilichonse." Ndani wawaitana? Mpunga uja sukwana ngakhale a kwaya okha.

Mutu ukuwawa mbali imodzi.

Lachinayi

Bambo a Tadala akumbukira lero kuti amayi awo amakonda kalongonda kuposa nyama. Masiku onsewa anali kuti? Ndagula ndowa yaing'ono, ndi wotchipa ndipo amakhutitsa. Vuto ndi lakuti sindinaphikepo. Kwathu kwa Goliati tinkagula wophikaphika pamsika. Chomwe ndikudziwa n'chakuti nyemba zimenezi zimafuna moto wa tsiku lonse, kutaya madzi n'kuthira ena, apo ayi zimazunguza mutu ngati kachasu.

Alamu anga a Esinati, mlongo wawo wa bambo a Tadala, akuti abwera mawa kudzaphika. Ndapumako.

Lachisanu

A Esinati afika masana kwambiri, akuti njinga ya kabaza inaphulika tayala. Ateleka mphika. Ine ndathamangira kwa telala kukatenga kadiresi koyera ka Tadala.

Pobwera, moto wazima. A Esinati asamba, akhala pakhonde, akuimba nyimbo. Dzuwa lalowa, Sabata lawo layamba. Ndikufunsa ngati kalongonda wapsa. "Za ntchito tikambe dzuwa likalowa mawa, alamu."

Ndalawa kanyemba kamodzi. N'kofewa. Kapena sikofewa? Ndakhala kudikira chizungulire, sichinabwere.

Loweruka

Kadiresi n'kakakulu, Tadala akumira m'menemo. Ndapinda ndi mapini.

Mphika ndauvundukula, ndauvundikira, ndauvundukulanso. Ndikaubwezera pamoto, a Esinati ayesa ndikuwapeputsa, ndipo akakauza amayi awo. Nkhuni nazonso ndi za mandasi. Madzulo ndiwafunsa bwinobwino.

Madzulo a Esinati apita kukacheza kwa mnzawo kumalaini a kumtunda, kunyumba za antchito. Ndathira mchere ndi tsabola. Fungo ndiye labwino.

Lamulungu

Ubatizo wayenda bwino. Tadala sanalire, wangokoka magalasi a abusa. Apongozi akhala benchi yakumbuyo, manja pachifuwa, koma akhala mpaka pamapeto.

Kunyumba apongozi mandasi akana, akuti mafuta. Kalongonda alandira. Adya, awonjezera, anena pamaso pa anthu kuti, "Mayi a Tadala, dzanja muli nalo." Ndinatsala pang'ono kulira.

Alendo onse nawonso adya kalongonda. Kenako a kapitawo akufunsa kuti ndani akusuntha nyumba. A kwaya ayamba nyimbo, aliyense yake. Apongozi, amene mowa sanaulawepo chibadwire, akumbatira mzati wa khonde, akuseka misozi ili mbwe.

A Esinati akundiyang'ana. "Simunabwezere pamoto? Ine madzi ndinangotaya kamodzi."

Ndaphika phala lamadzimadzi, onse amwa, apita kwawo mogwirana. Palibe wafika kuchipatala.

Apongozi agona pamphasa panga. "Miyendo yakana, mwanawe. Ndikhala konkuno mpaka ibwerere, mwina Lachinayi."

Kudya ndiye adya. Mawa kaya ndiwapatsa chiyani. Kalongonda watsala theka la mphika.