Kabokosi komwe kanachedwetsa chinkhoswe changa

Mpaka lero akuchimuna sandikhulupirira ndikatchula nthawi, ndipo sindingawaimbe mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Kwathu ndi ku Nsambe, m'boma la Neno, ndipo ndimagulitsa mbatata ya kachewere. Pofuna kuti ogula a m'tauni azindipeza, ndinatsegula katsamba pa intaneti. Kenaka ndinaona kuti munthu akafunsa funso pa foni, yankho limodzi limabwera pamwamba penipeni, m'kabokosi kakekake, masamba ena onse ali pansi. Mtima wanga dyokodyoko! Ndinafuna kuti dzina langa likhale m'menemo.

Ndinasankha funso lomwe ogula amandifunsa kawirikawiri: kuchoka pa Zalewa kufika ku Nsambe pamatenga nthawi yaitali bwanji? Ndinayankha mwachilungamo kuti maola awiri m'chilimwe, koma mvula ikagwa nyamukani m'bandakucha, musaiwale khasu. Milungu inadutsa, kabokosi osandipatsa. Nditawerenga kuti kamakonda yankho lalifupi, losazungulira, ndinafufuta za mvulazo (ndinkati matope a kwathu aliyense amawadziwa, aliyense wake uti?). Panangotsala "maola awiri" basi. Posakhalitsa ndinalowa m'kabokosi! Ndinaonetsa mudzi wonse, ngakhale amayi, omwe anangofunsa ngati kabokosiko kagulako mbatata.

Chinkhoswe changa chinali mu Januwale. Akuchimuna, ochokera ku Blantyre, anayenera kufika 10 koloko m'mawa. Malume a mwamuna wanga, omwe anali ankhoswe, anafunsa foni, foni n'kuwauza kuti maola awiri. Anayamba amwa kaye tiyi pa Zalewa, mtima uli m'malo. Chonsecho dzulo lake mvula inali itagwa tsiku lonse.

Ife kudikira. Amayi a kwaya anaimba nyimbo zonse n'kuyambiranso. Azakhali anga anayamba kunong'onezana kuti mwina mwamunayo wasintha maganizo, ndipo ine m'chipinda muja ndinalira zenizeni.

Akuchimuna anatulukira cha m'ma 4 madzulo, wapansi, masuti ali matope mpaka m'mawondo. Tambala wa mwambo anawathawa pomwe ankakankha minibasi, moti anachita kubwereka wa bambo anga kuti adzapereke kwa ife eniake.

"Amene analemba bodza ili sanapondeko ku Neno!" anatero malume, akugwedeza foni m'mwamba.

Ine ndinangowerama. Koma mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga, anatenga foniyo n'kuwerenga mokweza dzina lomwe linali pansi pa kabokosi.

Malume anatembenukira kwa ine. "Mayi, kodi inuyo kwanu kuno mumabwera pa ndege, eti?"

Za mvula zija ndinazibwezera pa katsamba kanga mawa lake, ndipo kabokosi kanapita kwa wina. Zimenezo sizindipweteka kwenikweni. Chimandipweteka n'chakuti patha zaka, ndabereka ana awiri pabanjapo, koma ndikagwada n'kuuza apongozi kuti madzi osamba atentha posachedwa, iwo amandifunsa mwaulemu wonse: "M'chilimwe kapena m'dzinja?"